Njira Zopingasa Tala: Katete, Sinda ndi Vubwi pa Njinga

Munthu wokwera basi yochoka ku Lusaka kupita ku Chipata amaiona Sinda kwa mphindi zochepa chabe. Katete amaionako bwino pang'ono chifukwa basi imaima kuti anthu atsike, ena agule nthochi ndi mbatata pa windo. Vubwi ndiye saiona n'komwe. Akafika kumene akupita amasimba kuti kuno ndi dziko lathyathyathya, minda ya chimanga ndi mitengo ya mango basi, kaphiri apa kena uko. Sakunama ayi. Koma msewu umene wayendamowo ndi wobwera. Great East Road inalambulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kuti Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ilumikizane ndi njanji, ndipo tala anadzathiridwa dziko litalandira kale ufulu. Msewuwu unagona kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa chifukwa ndiko kunali zofuna za boma. Eni dziko ankayenda mopingasa. Ankapita kumwera, ku Mano, ku Tete ndi ku Halale, kapena kumpoto, kutsikira kuchigwa cha Luangwa. Njira zimenezo zilipobe, zambiri n'zafumbi mpaka lero, ndipo amene amazidziwa bwino ndi wopalasa njinga.

Kunja kwabuka masewera a anthu othawa dala tala n'kumafunafuna misewu ya miyala ndi fumbi. Ku Emporia, m'chigawo cha Kansas ku America, mpikisano umene tsopano umatchedwa Unbound Gravel unayamba mu 2006, ndipo anthu amapalasa makilomita oposa 300 ulendo umodzi. Ku Kenya anayambitsa Migration Gravel Race mu 2021 m'dziko la Amasai, ndipo mu 2022 bungwe la masewera a njinga la UCI linachititsa ku Italy mpikisano woyamba wa dziko lonse wa mtundu umenewu. Njinga zake n'zopepuka zoti n'kunyamula ndi dzanja limodzi, koma mtengo wa imodzi ungagule ng'ombe zolimira ndi ngolo yake yomwe. Kuno timaonako a ulendo wa Tour d'Afrique, umene unayamba mu 2003 kuchokera ku Cairo kupita ku Cape Town. Amalowera pa Mwami, n'kudutsa pa Katete ndi pa Sinda atavala zipewa zawo zolimba, ana akuwakuwiza m'mbali mwa msewu. Koma nawonso amangotsata tala. Chimene anzawo a ku Kansas amachilipirira ndalama zambiri amachisiya pa mphambano iliyonse imene adutsa.

Zoti dziko lino n'lathyathyathya amanena ndi wa pa galimoto. Tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nthaka imakwera ndi kutsika pang'onopang'ono, kuchoka pa dambo lina kupita pa dambo lina. Maso sachiona chitundacho, koma ntchafu zimachimva, makamaka pakeliyala pakakhala thumba la mtedza. Wopalasa amadziwa dothi lililonse ndi khalidwe lake. Katondo wofiira amathamangika m'chilimwe koma amaterera mvula ikangowaza. Makande a kudambo amamatirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka njinga kukana kuyenda, munthu n'kuyamba kutokosa ndi kamtengo. Mchenga wa pa mitsinje youma umagwetsa amene agwira buleki mwamantha. Ndipo pa msewu uliwonse umene giledala inauiwala, pamene magalimoto anasiya mabampu ogwedeza mano, m'mphepete mwake mumakhala kanjira kosalala kotakata ngati chikhatho, kamene matayala a njinga anakapanga okha. Mlendo wanzeru amangotsata kanjira kameneko. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August, anthu atakolola, mitsinje itaphwa, kunja kukuzizira. October ndi wa anthu olimba mtima. Chubu chikaphulika musade nkhawa kwambiri, pakuti pa msika uliwonse pali munthu pansi pa mtengo wa mango ali ndi pampu, guluu, beseni la madzi ndi mulu wa masipoko akale.

Mbiri yakale kwambiri ya kuno ili m'mapiri amiyala amene amatumphuka okhaokha pakati pa minda. Kumwera kwa boma la Katete kuli phanga la Makwe. David Phillipson, katswiri wofukula zakale, anakumba pamenepo, komanso pa Thandwe kufupi ndi Chipata ndi pa Kalemba m'boma la Chadiza, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 1976. Pa Makwe anthu anakhalapo zaka zoposa 5,000 zapitazo, akusema timiyala tating'onoting'ono takuthwa tomangirira ku mivi. Pa Kalemba zizindikiro za anthu zimabwerera m'mbuyo zaka zoposa 35,000. Makolo athu ankawatchula anthu amene anawapeza kunowo kuti Akafula, ndipo nthano zimati anali aafupi, osaka nyama, okwiya msanga munthu akawanena za msinkhu. Zojambula zofiira za m'mapanga a kuno, mizere, timikombero ndi zina zonga makwerero, akatswiri amati n'za anthu amenewo. Zoyera, zopakidwa ndi chala, n'zathu. Zina ndi zilombo za nyau, zina n'za chinamwali, zimene anamkungwi ankaphunzitsira atsikana kutali ndi maso a amuna. Ofufuza a pambuyo pake, Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta, anasonyeza kuti zojambula zimenezi n'zapachibale ndi za ku Chongoni ku Dedza, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. A ku Dedza anatchuka nazo. Ife zathu, ngakhale zili m'manja mwa National Heritage Conservation Commission, ana ambiri a sukulu a pa Katete pomwepa sanazionepo. Wofuna kukaona ayambe wafika kwa a nyakwawa, asiye njinga pamudzi, apatsidwe womuperekeza. Si malo ongolowapo, ndipo ena mwa amayi achikulire sakondwa kuti mwamuna aziloza chala pa zimene sizimukhudza.

Njira zolowera kumwera zinapondedwa chifukwa cha Undi. Mbiri ya pakamwa imati Undi anachoka kwa Kalonga, kufupi ndi nyanja ya Malawi, atasemphana pa za ufumu, ndipo anatenga Nyangu ndi akazi ena a banja lachifumu la a Phiri n'kukamanga ku Mano, m'dera la mtsinje wa Kapoche, limene lero lili m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Kuchokera kumeneko ulamuliro wake unafika mpaka ku Luangwa, ndipo unakhudza ndi Ansenga omwe. Mafumu ang'onoang'ono ankatumiza mitulo ku Mano: minyanga ya njovu, zikopa za mikango ndi akambuku. Makasu osulidwa kuno ndi nsalu zoluka za thonje zinkatsikira ku Zambezi, mikanda ndi nsalu za kunja zikukwera. Apwitikizi odziwika, Lacerda mu 1798 ndi Monteiro ndi Gamitto mu 1831, anachoka ku Tete kudutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa popita kwa Kazembe ku Luapula, ndipo sanalambule njira yawoyawo. Anayenda m'njira zimene anazipeza.

Zaka za m'ma 1800 zinali zowawa. Achikunda okhala ndi mfuti ankasaka njovu ndi anthu omwe. Angoni, amene anawoloka Zambezi mu November 1835 tsiku limene kadamsana anagwira dzuwa, anadzabwerera motsogozedwa ndi Mpezeni, nakhala kaye pakati pa Ansenga asanakhazikike kufupi ndi kumene kuli Chipata. Midzi ya Achewa inamanga malinga, ina inathawira pamwamba pa mapiri omwe aja a Akafula. Mukamapalasa n'kuona phiri lokhala ndi miyala yosanjikizana, dziwani kuti pali agogo a munthu wina amene anagonapo ndi njala akuyang'ana utsi wa mudzi wawo m'munsi. Kenaka mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire ali kwawo ku Ulaya. Mzere wawo unasiya Mano mbali ya Apwitikizi, anthu ambiri a Undi mbali ya Angerezi. Mu 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni n'kupha Nsingo, mwana wa Mpezeni, ndipo dziko lalikulu la kuno linagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland, imene inalipeza kudzera m'mapepala a Mjeremani wina, Carl Wiese. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anthu anasamutsidwira m'madera opatulidwa, kuti nthaka yabwino idikire azungu amene ambiri a iwo sanabwere n'komwe. Anthu anapanikizana, nthaka inaguga, mpaka boma linagula malo a kampaniyo mu 1941 n'kuyamba kubwezeramo midzi. N'chifukwa chake misewu ina ya kuno ndi yowongoka modabwitsa, midzi itandandalika m'mbali mwake. Imeneyo inajambulidwa pa tebulo la mzungu woyeza malo. Yokhotakhota, yozungulira dambo ndi kulambalala manda, ndiyo ya makolo. Undi mwiniwake anawoloka malire kudzakhala mbali ino mu 1935.

Njinga inabwera ndi msonkho, ngakhale kuti inadzera njira yaitali. Msonkho wa nyumba utayamba, ndalama zinali kumigodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo njira yachidule yopitira ku Halale sinali ya ku Lusaka. Inali yodutsa m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi, masabata angapo wapansi, m'magulu, kuopa mikango ndi asipayi. Ena sanabwerere, anasanduka matchona. Amene anabwerera ankafuna kuti mudzi uone chimene anapitira, ndipo chinthu choonekera patali kuposa bulangete kapena sutikesi chinali njinga: Raleigh, Humber, Hercules, Phillips, yakuda, yolemera, ya mabuleki a ndodo, belu lake lomveka kutsidya kwa dambo. Akuluakulu amakumbukira njinga zokulungidwa nsalu pa felemu kuti utoto usakalike, zopachikidwa kudenga nthawi ya mvula, zimene mwana akangokhudza ankalawa chikoti.

Pali chifukwa china chimene mwamuna wa Chichewa ankaikondera njinga motero, ndipo sichinenedwa kawirikawiri. Pa chikamwini, munda ndi wa kwa mkazi, nyumba wamanga yekha koma yaima pa nthaka ya eni, ana ndi a mbumba ya atsibweni awo. Banja likatha, mkamwini amatuluka ndi zimene angathe kunyamula. Njinga inali chuma chimene chinkatuluka naye, n'kumunyamulanso iyeyo pamodzi ndi mphasa yake. Inkamuthandizanso kukhala munthu wa midzi iwiri, pakuti kumene anakwatira ndi mlendo, koma kwawo ndi mwini mbumba, wofunika pa maliro, pa milandu ndi pa matenda a ana a alongo ake. Mtunda umene unkadya tsiku lathunthu unasanduka wa m'mawa umodzi. Mwini njinga akamwalira, mkangano unkabuka: itengedwe ndi mwana wake womubala kapena mwana wa mlongo wake? Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a kwa Kawaza mu 1946 ndi 1947 n'kubweranso mu 1952 ndi 1953, analemba kuti kunenezana ufiti kunkachuluka pakati pa abale a mbumba imodzi, ndipo kawirikawiri pansi pake pankakhala chuma chatsopano, makamaka ng'ombe, chimene malamulo akale a chuma cha masiye sanachikonzekere. Njinga inalowa m'gulu lomwelo. Boma nalo silinachedwe kuiona: makhoti a mafumu ankatolera ndalama za laisensi ya njinga pamodzi ndi za agalu ndi mfuti.

Msewu wopita kumpoto, wochoka pa Katete kutsikira ku Msoro, ndi wina wa misewu yokoma kwa wopalasa popita, ndi wolanga pobwerera. Umachoka pamtunda pozizira n'kutsikira kuchigwa kotentha, kumene mitengo ya miombo imayamba kusinthana ndi tsanya ndi milambe. Msoro lero ili m'boma la Mambwe, koma mbiri ya Katete singakambidwe popanda iyo. Kumeneko kunafika Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wochokera ku Chia kufupi ndi Nkhotakota, Mchewa, amene anatsegula mishoni n'kumwalirira komweko mu 1913 atagwira ntchito zaka zochepa chabe. Ntchito ya chipatala ya mpingowo inadzakwera kumtunda, ndipo mu 1948 wansembe amenenso anali dokotala, Francis Trefusis, anayambitsa chipatala cha St Francis pa Katete. Dokotala James Cairns anachitsogolera kuyambira 1958 mpaka 1996, ndipo Akatolika anadzalowa nawo m'kayendetsedwe kake. Chipatala chimenechi chinatembenuza njira za dziko lino. Tinjira tonse ta m'midzi tinayamba kuloza kumeneko. Odwala amene kale ankanyamulidwa pa machira anayamba kubwera pakeliyala, atamangiriridwa ndi chitenje kumsana kwa wopalasa kuti asagwe akakomoka. Amayi oyembekezera ankakhala chammbali, mwamuna akukankha pa mchenga, apongozi akutsatira pambuyo ndi mtolo wa nkhuni ndi ufa. M'zaka za m'ma 2000 kunabwera timangolo ta odwala tokokedwa ndi njinga, ndi njinga za anthu odzipereka oyendera odwala Edzi m'midzi. Pa geti la chipatalacho mpaka lero pamakhala njinga zambiri kuposa magalimoto.

Ku Sinda nkhani ndi yomweyo koma mpingo ndi wina. Sinda inakhala boma palokha mu 2012, nthawi ya pulezidenti Michael Sata, itadulidwa ku Katete ndi ku Petauke. Msika wake wa pa tala ndi waphokoso, wa mtedza, mpendadzuwa, soya ndi mbuzi zomangidwa m'madengu pakeliyala zikulira njira yonse. Koma mukakhotera kumwera, kulinga ku mapiri a kumalire, mumafika ku Nyanje, kumene amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State anamanga mu 1905, patapita zaka zisanu ndi chimodzi chiyambire pa Magwero mu 1899. Chipatala cha Nyanje chilipobe m'manja mwa Reformed Church in Zambia. Panjira imeneyi chilankhulo chimasintha muli pachishalo. Moni amene munapereka m'mawa m'Chichewa amakubwezerani masana m'Chinsenga, pakuti kuno ndi kwa mfumukazi Nyanje, ndipo palibe amene amaona chachilendo. Amishoni a Chidatchi ankadana kwambiri ndi nyau, ndipo m'midzi yambiri ya Achewa munali nkhondo yachetechete pakati pa sukulu ndi dambwe, yolimbirana anyamata omwewo. Aphunzitsi ndi alaliki oyendera masukulu a m'midzi anali ena mwa anthu oyamba kuoneka pa njinga. Akatolika nawo anamanga Chassa, sukulu ya anyamata ya abale a Marist, imene yaphunzitsa anthu ambiri a chigawo chino.

Ufulu utabwera, boma la Kenneth Kaunda linaganiza zogawa mafakitale m'zigawo. Mansa inalandira ya mabatire, Kapiri Mposhi ya magalasi, Mwinilunga ya zinanazi, Livingstone yolumikiza magalimoto a Fiat. Chipata inalandira ya njinga, Luangwa Industries, ndipo njinga yake inali Eagle. Ambiri mwa mafakitale amenewo anthu amawakumbukira moseka, koma pa la njinga boma linalasa. Linaika fakitale pakati pa anthu amene ankaifunadi. Eagle inali yolemera, yosakongola kwenikweni, koma inkapirira matumba awiri a chimanga, ndipo wokonza njinga aliyense ankaidziwa mkati ndi kunja. Kampani ya Tata inagula fakitaleyo mu 1997, nthawi yogulitsa makampani a boma. Lero njinga zambiri za m'masitolo n'zochokera ku India ndi ku China, ndipo palinso Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, imene keliyala yake inapangidwira katundu wa makilogalamu 100. Alimi a kuno amaseka akamva nambala imeneyo, chifukwa iwo anaipitirira kalekale, atawotcherera nsimbi zina ndi kumanga katundu ndi malegeni. Thonje lopita ku fakitale ya pa Katete, feteleza wochokera ku depoti, nkhumba yamoyo, malata a nyumba, ngakhale bokosi la maliro, zonse zayendapo pa matayala awiri.

Panali nyengo imene njira za kumwera zinatsekeka ndi mantha. FRELIMO inatsegula nkhondo yolimbana ndi Apwitikizi m'chigawo cha Tete mu 1968 ikudzera mbali ino, ndipo midzi ya kumalire inazolowera kumva ndege za Apwitikizi. Koma zimene anthu amakumbukira ndi kunjenjemera ndi za kuyambira 1987, pamene zigawenga za RENAMO zinayamba kuwoloka usiku kudzaukira midzi ya m'maboma a Katete, Chadiza ndi Petauke. Zinkapha anthu, kutenga ng'ombe ndi katundu, n'kugwira ena kuti asenze zofunkhazo. Mabanja ankaphika kukadali kowala n'kukagona kuthengo. Masukulu ena a kumalire anatsekedwa. Othawa nkhondo ochokera kutsidya, amene ambiri anali abale enieni a anthu a kuno, a Phiri ndi a Banda anzawo, anayamba akhala m'midzi, kenaka boma linawasamutsira ku Ukwimi, kumpoto kwa Petauke. Mtendere unasainidwa ku Rome mu October 1992, ndipo m'zaka zotsatira ambiri anabwerera kwawo. Msewu wa tala wa makilomita oposa 50 wochoka pa Katete kupita pa chipata cha Chanida tsopano ndi wa mathiraki opita ku Tete ndi ku Beira. Wa njinga amauthawa, amadzera m'tinjira ta m'mbali mwake.

Kamodzi pachaka njira zonse zopingasa zija zimadzaza nthawi imodzi. Loweruka lomaliza la August ndi Kulamba ku Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, pamene mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzapereka mitulo ndi kufotokoza za m'madera awo. Mwambowu unaletsedwa ndi atsamunda mu 1934, ndipo unadzutsidwanso mu 1984 ndi Gawa Undi Chivunga, amene analamulira kuyambira 1953 mpaka 2004. Mu 2007 apulezidenti atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi pabwalo limenelo, patangopita zaka ziwiri UNESCO italemekeza Gule Wamkulu. Makamera amajambula magalimoto a akuluakulu. Koma pitani kuseri, kumene anthu amamanga misasa ya udzu sabata yathunthu mwambo usanayambe, mukaone njinga zitatsamirana mazanamazana, zina zitachoka kutsidya kwa malire ndi ng'oma, nkhuku ndi ufa. Anthu amenewo akuyenda ulendo womwe uja wa ku Mano, kungoti tsopano mitulo ikukwera m'malo motsika.

Wofuna nyama zakuthengo asanamizidwe. M'maboma atatuwa mulibe paki. Njovu ndi mikango zili kuchigwa, ku South Luangwa ndi m'madera ozungulira a Lupande ndi Sandwe, ndipo kuti mukafike muyenera kutsika phiri ndi kupirira kashembe. Kumtunda kuno zotsala ndi nkhalango za boma, monga ya m'mapiri a Mphangwe amene amaoneka muli pa Katete, ndi ya Chiulukire kwa Mbang'ombe, imene inali imodzi mwa nkhalango zoyamba kumene boma linayesa kusamala mitengo mogwirizana ndi midzi yozungulira. Lamulo la nkhalango la 2015 linapatsa midzi mphamvu zochulukirapo, ndipo bungwe la COMACO lakhala likugula mtedza, soya ndi uchi kwa alimi amene alonjeza kusiya misampha ndi kutentha makala. Zathandizako. Komabe aliyense wodzuka m'mamawa amakumana ndi mzere wa njinga za makala zikulowa m'tauni, matumba atasanjikizana kupitirira mutu wa wopalasa. Sindimuweruza munthu ameneyo, chifukwa amene amagula makalawo ndi ife a m'tauni, magetsi akazima. Koma zoona n'zakuti njinga yomweyo imene inafupikitsa njira ya kuchipatala inafupikitsanso njira ya kunkhalango.

Nkhalango zimene zasungika bwino koposa sizili m'mabuku a boma. Mukamapalasa pakati pa minda yoyera, muona apa ndi apo kachitsamba ka mitengo italiitali yobiriwira, yosadulidwa ngakhale nthambi. Amenewo ndi manda. Palibe mlonda, palibe waya, koma nkhwangwa siifikako, chifukwa ndi kwa mizimu ndipo nthawi zambiri ndi kufupi ndi dambwe. Mitengo imene inatha kwina konse, mlombwa, muwanga, mkuyu waukulu, imapezeka mmenemo pamodzi ndi mbalame zake. Mlendo aione ali panjira. Asalowemo kukafuna mthunzi kapena kukadzithandiza, ndipo akakumana ndi gule panjira atsike panjinga, apatuke, aponye kandalama pansi ngati ali nako. Akapeza maliro m'mudzi atsikenso, akankhe njinga mpaka atapitirira. Malamulo amenewa ana a kuno amawadziwa asanaphunzire n'komwe kupalasa.

Kuti mufike ku Vubwi kuchokera ku Katete mumadzera ku Chadiza, ndipo kumeneko nkhani ya dziko lathyathyathya imatheratu. Mapiri amayandikana, zitunda zimakhala zenizeni, ndipo mvula ikagwa timitsinje timadula njira kwa masiku. Vubwi nayo inakhala boma mu 2012, itachotsedwa ku Chadiza. Ndi dziko la mfumu Pembamoyo, lopanikizika pakona pamene Zambia, Malawi ndi Mozambique zimakumana. Kwa zaka zambiri anthu a kuno ankaona kuti Mchinji ili pafupi kuposa Chipata, osati pa mtunda pokha komanso pa zochitika: chigayo, msika, chipatala, ukwati, wailesi imene amamvera. Fodya, soya ndi chimanga zimawoloka malire pa njinga kutsata kumene mtengo wakwera chaka chimenecho, ndipo wogulitsa pa msika amawerengera makwacha a mayiko awiri m'mutu mosaphonya. Golide, amene Apwitikizi ankamufuna m'mapiri a kutsidya zaka mazana apitawo, wayambanso kukumbidwa ndi anyamata a makasu ndi mabeseni, ndipo maenje awo ndi chinthu china choti wopalasa achenjere nacho akapatuka panjira.

Tala wa ku Vubwi analonjezedwa m'ndondomeko ya Link Zambia 8000 imene inayamba mu 2012, ndipo ntchito yake yakhala ikuyamba ndi kuima. Mlendo wokonda fumbi angafune kuti zikhale choncho mpaka kale, koma iye sanakankhepo njinga m'matope ali ndi mayi wodwala pakeliyala. Anthu a ku Vubwi akufuna tala ndipo akulondola. Achinyamata nawo akusiya kupalasa, akugula njinga zamoto zimene tsopano zadzaza pa siteji iliyonse kuyambira pa Sinda mpaka kumalire. Ngakhale zili choncho, tala akadzafika adzagwira msewu umodzi kapena iwiri. Tinjira ta pakati pa midzi, topita kudimba, kuchigayo ndi kwa atsibweni kutsidya, tidzakhala tafumbi kwa nthawi yaitali ndithu. Amene akufuna kutiyenda anyamule madzi okwanira, zigamba za chubu ndi chiphaso chake m'thumba, chifukwa kumeneko malire ndi mwala wa simenti wobisika m'udzu, ndipo munthu amadziwa kuti walowa m'Mozambique pokhapokha akaona mbendera ina pa sukulu.